Paipi ya breather ikungopsa pafupi ndi ekizozi pa Nissan 1400 yanga, ndiikepo yamtundu wanji?

Bambo a Tadala, Nchalo:
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi ka Nissan 1400 kakale, ka injini ya A14, kamene ndimanyamulira katundu kuchoka kuno ku Nchalo kupita ku Blantyre kawiri pa sabata. Paipi ya breather, ya labala ija yotulutsa utsi wa mkati mwa injini kuchoka pa block kupita pa PCV valve (kavalavu kobwezera utsiwo mu injini kuti ukapse), yandiwonongekera katatu chaka chino chokha. Yoyamba ndi yomwe ndinaipeza pogula galimoto, inauma gwa kenaka n'kuthetheka. Mnyamata wina wa pagalaja anandiikira paipi ya heater, imeneyo sinathe miyezi iwiri, inatupa n'kufewa ngati nthochi yakupsa kwambiri, ukaigwira manja amada bii. Yachitatu ndingoulula, ndinadula paipi yoonekera mkati ija amisiri omanga nyumba amayezera levulo. Lachisanu ndikukwera phiri kuchoka pa Thabwa, ndili giya thu, ndinangomva fungo la pulasitiki. Potsegula boneti paipi ikuchita kulendewera ngati chingamu, ina yamatirira pa manifold, chitsulo chija chotulutsira utsi mu injini kupita ku ekizozi. Kuyambira pamenepo ndikachotsa phazi pamoto injini ikumanjenjemera n'kuzima. Ndigule paipi yanji yosaopa moto? Malo ake ndi opanikiza, ekizozi ili pompo.

Dalaivala wa Hiace:
Kkkkk paipi ya levulo! Bambo a Tadala mumafuna muone ngati injini yakhala mowongoka?

Mjomba wa ku Biwi:
Madala musavutike, gulani paipi ya silicone basi. Yabuluu kapena yofiira ija timaika pa ma turbo. Imeneyo moto imauseka. Mpaka madigiri 200 ili phee.

Madala Gama, Ndirande:
Bambo a Tadala, ndalama zanu muyambe mwazisunga m'thumba. Injini imeneyi ndaigwira kuyambira ili m'ma Datsun. A14 manifold ake onse awiri, yolowetsa mafuta ndi yotulutsa utsi, ali mbali imodzi, kabureta inakhala pamwamba pa moto penipeni. Anaipanga choncho, ndipo magalimoto amenewa ayenda zaka ndi zaka paipi imeneyo osapsa. Ndiye ikapsa katatu chaka chimodzi, pali chimene chasintha. Mukaone mundiuze. Pakati pa paipi ndi manifold pakulowa zala zingati? Yapsa mbali imodzi kapena yonse? Nanga mammawa mukangoliza injini ili yozizira, simukumva kaphokoso ka tchi tchi tchi kamene kamachepa ikatentha?

Bambo a Tadala, Nchalo:
Zikomo madala. Galimoto ili kwa mlamu wanga, mawa ndikaona ndikuyankhani.

Nachisale, Zomba:
Podikira yankho la mawalo, ndiikepo mawu pa za silicone, chifukwa ana anga a sukulu ya zaumakaniki amalakwitsa pomwepa chaka chilichonse. Paipi imeneyi ili ndi adani awiri. Kunja kuli moto, inde. Koma mkati mwake simudutsa mpweya wabwino ayi. Mumadutsa utsi umene wathawa m'mbali mwa maring'i a pisitoni, wosakanikirana ndi nthunzi ya oyilo, petulo wosapsa ndi chinyezi. Ndiye labala ayenera kupirira oyilo kaye, za moto zibwere pambuyo.

Paipi ya heater ndi ya radiator amapangira labala wa EPDM. Madzi otentha ndi coolant ndiye kwawo, koma oyilo amamumwa ngati siponji, n'chifukwa chake yanu inatupa n'kumada m'manja. Siinapse imene ija bambo, inaola ndi oyilo. Ya levulo ndi pulasitiki wa PVC, imayamba kufewa pa madigiri 60 kapena 70, pamene mkati mwa boneti ku Nchalo mwezi wa Okutobala mumaposa pamenepo galimoto itangoima. Silicone wamba kutentha amapiriradi monga akunenera a Mjomba, koma oyilo amalowerera m'thupi mwake, amatulukira kunja ngati thukuta, kenaka paipi imafewa n'kuyamba kuvuka pa kilampu.

Imene inapangidwira ntchito imeneyi ndi paipi ya mafuta yolembedwa SAE J30 R7 m'mbali mwake. Mkati mwake ndi labala wa nitrile, ili ndi ulusi pakati, ndipo imapirira mpaka madigiri 125. Zina zimachita kulembedwa kuti PCV. Mukapeza J30 R9 ndi yabwino koposa, ndi ya magalimoto a injection, imafika 135. Koma zonsezi n'zachabe ngati paipi ikukhudza manifold, chifukwa manifold pokwera phiri ndi katundu imadutsa madigiri 500 osavuta. Palibe labala padziko lapansi amene angagone pamenepo.

Mjomba wa ku Biwi:
Asisi ndi ulemu wonse, ine ndaika silicone pa breather ya ma Subaru angapo, palibe amene anabwerera kudzadandaula.

Nachisale, Zomba:
Achimwene, akabwera ku service mukaigwire paipiyo ndi chala. Mukapeza yonona, fumbi litamatirira ngati mandasi ogwera pamchenga, dziwani kuti wayamba. Sichitika sabata imodzi, imatenga miyezi. Ndipo ena sabwerera kudzadandaula, amangosintha galaja.

Dalaivala wa Hiace:
Eeeh asisi mwamubaya mnyamata kkkk

Phiri wa ku Joni:
Onse awiri mukunena zoona pang'onopang'ono. Ine ndimagwira ntchito pa shopu yodula ndi kumanga mapaipi a hydraulic kuno ku Germiston, ndiye mapaipi ndimagona nawo. Silicone ilipo mitundu iwiri. Pali wamba, wa madzi ndi mpweya. Ndiye pali wina amene mkati anamuyala fluorosilicone kapena Viton, ameneyo oyilo samulowa, ndi amene amaikidwa pa turbo ya dizilo pomwe pamadutsa nthunzi ya oyilo. Ukasuzumira mkati nthawi zambiri umaona kuti mtundu wa mkati ndi wosiyana ndi wakunja. Mwina Mjomba anachita mwayi n'kupeza ameneyo. Koma yogulitsidwa pa mita m'mashopu a zokongoletsera galimoto, yambiri ndi wamba.

Pamwamba pa zonsezi pali PTFE, anthu amangoti Teflon, yolukidwa waya wa stainless kunja. Imeneyo imafika madigiri 260 ndipo oyilo, petulo, asidi, zonse siziyikhudza. A mipikisano ya magalimoto ndi imene amaika. Koma kwa Bambo a Tadala sindingawalimbikitse. Ndi youma, siipindika pamalo opanikiza, ukaikakamiza imathyokera mkati. Siigwira bwino ndi kilampu wamba, imafuna zolumikizira zakezake zachitsulo zotchedwa AN, ndipo mukaphatikiza mtengo wake mungagule matayala. Chinanso, waya wakunjayo ndi tupa. Akatsamira pa waya wa magetsi kapena paipi ya petulo, injini ikamanjenjemera amadya pang'onopang'ono mpaka kuboola.

Pick-up ya Nissan 1400 imeneyi kuno idakali yambirimbiri m'misewu, anasiya kuipanga mu 2008 ku Rosslyn, ndipo onse amene ndimawaona ali ndi paipi yakuda wamba ya mafuta basi.

Tembo wa ku Chipata:
Imwe anzanga mukuvutikiranji? Chosani paipiyo, tsekani pa manifold ndi bawuti, pa block pomwepo mutseke. Nkhani yatha. Kapena isiyeni izipumira pansi monga malole akale.

Madala Gama, Ndirande:
A Tembo, kutseka pa block ayi, chonde. Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Bambo wina anabwera ndi pick-up yake atakhomera chimtengo pa breather, akuti ankanyansidwa ndi utsi. Ulendo umodzi wa ku Mulanje, dipstick inadumpha yokha, oyilo mbwee mu boneti monse, seal ya kumbuyo kwa crankshaft inatuluka, clutch yonse inanyowa. Tinachita kutsitsa gearbox chifukwa cha kamtengo kotalika ngati chala. Utsi wa mu crankcase, m'mimba mwa injini muja, uyenera kupeza potulukira. Mukautsekera khomo umaboola chipupa, ndipo umasankha seal yovuta kufikira.

Nachisale, Zomba:
Za kupumira pansizo n'zoona kuti magalimoto akale ankatero. Panali kapaipi kachitsulo koloza pansi, mphepo ya pamsewu ndi imene inkakoka utsi galimoto ikamathamanga. PCV inayamba kufala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ku California ndi kumene anayamba kuiumiriza chifukwa cha utsi wa m'mizinda. Koma phindu lake si la mpweya wa kunja kokha. Kapaipi kakale kaja sikankakoka kanthu galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, ndiye chinyezi ndi petulo zinkatsalira mu oyilo, n'kupanga phala lakuda lija timalipeza pansi pa rocker cover. PCV imatsuka mu injini nthawi zonse. Ndipo paipi yotseguka pa fumbi la ku Chigwa, yodontheza oyilo pafupi ndi ekizozi, ine ayi. Oyilo wa injini akafika madigiri 200 ndi kanthu nthunzi yake imatha kugwira moto.

Tembo wa ku Chipata:
Chabwino amai, namvera. Yanga Hilux ya dizilo ikupumira pansi chaka chachisanu, koma lekani nikhale chete.

Admin:
Tikumbutsane abale, malonda a ma spare tiziika Loweruka lokha. Amene mwaika zithunzi za ma rim pakati pa nkhaniyi ndazichotsa.

Bambo a Tadala, Nchalo:
Ndabwera nawo mayankho madala. Ndaika kapaipi kena kongoyesera kuti ndione njira yake. Pamene yayandikira kwambiri pakungolowa chala chimodzi, mochita kukakamiza. Ndafukula paipi ziwiri zakale zija m'katoni, zonse zinawonongeka kwambiri malo amodzimodzi, mbali yoyang'ana ku head, ndipo pali mwaye wakuda wouma, osati wa oyilo. Kaphokoso ka tchi tchi kaliponso, ndinkayesa ma tappet. Ndayang'ana ndi tochi, nati imodzi ya manifold palibe, stud yake, bawuti yomwe natiyo imamangidwapo, inaduka.

Madala Gama, Ndirande:
Basi wapezeka mfiti. Gasiketi ya manifold ikutulutsa utsi pamene stud inadukapo, ndipo utsiwo ukuwomba pa paipi yanu ngati gasi wa owotcherera. Utsi pamene ukungotuluka mu head umakhala wotentha kuposa chitsulo cha manifold chomwecho. Mukanagula ngakhale ya Teflon ya a Phiri, ikanapita basi. Phokoso limachepa injini ikatentha chifukwa chitsulo chimafutukuka n'kutseka mpata pang'ono, koma pokwera phiri ndi katundu mpatawo umatsegukanso.

Ndiye ntchito iyambire apo. Manifold atsike, stud yoduka ichotsedwe, gasiketi yatsopano. Akatsitsa aike lula yachitsulo pankhope ya manifold aone ngati sinapindike, chifukwa ikayenda nthawi yaitali stud imodzi palibe imakhota. Ikakhota ipite ku engineering akaisalaze. Ndipo poti gasiketi ya mbali imeneyo imagwiranso manifold ya mafuta, n'kutheka ikuyamwanso mpweya pamenepo.

Nachisale, Zomba:
Mawu omaliza a madalawa andikumbutsa chinthu chimene chimandivutitsa mutu kuyambira dzulo. Bambo a Tadala munati injini ikuzima pa idling. Pa injini yanuyi PCV valve inamangidwa pa manifold penipeni, paipi ili kumbuyo kwake. Ndiye paipi ikaduka, valve imayenera kupitiriza kuchepetsa mpweya wolowa, injini siyenera kufika pozima. Ngati ikuzima, mwina ndi gasiketi monga akunenera madala, kapena valve yakakamira yotseguka. Pulasitiki wosungunuka uja ayenera kuti anayamwidwira mkati. Imasuleni muigwedeze pafupi ndi khutu. Yamoyo imalira kuti khotcho khotcho. Ikakhala chete, yesani kuitsuka ndi petulo, ikakana gulani ina.

Phiri wa ku Joni:
Ine ndimati ndichenjeze za paipi kuphwatalala ndi vacuum, kukoka mpweya kwa injini kuja, ikatentha, koma asisi mwandikonza ndisanalankhule. Pa A14 paipi simva kukoka kwambiri.

Nachisale, Zomba:
Chenjezo lanu lisatayike achimwene, ena pagulu pano ali ndi ma Corolla ndi ma Vitz. Pamenepo valve ili pa rocker cover, ndiye paipi yochoka pa valve kupita ku manifold imamva vacuum yonse ya injini. Mukaikapo paipi yofewa yopanda ulusi, mammawa imaoneka bwinobwino, ikatentha imadziyamwa n'kutsekeka ngati udzu womwera juwisi. Mwini wake amangodabwa oyilo akudontha paliponse. Ikang'ambika ndiye check engine imayaka, pa makina oyezera galimoto pamatuluka nambala ya vuto P0171, anthu n'kuyamba kugula ma sensor osalakwa.

Mjomba wa ku Biwi:
Imeneyo ya P0171 yandichitikira sabata yatha pa Vitz, kang'alu kanali kunsi kwa paipi kosaoneka. Apo ndavomera. Koma ndifunse, akakonza gasiketi, mpata wa chala chimodzi uja ukhalabe. Sangaikulunge ndi foil ya kukhitchini?

Phiri wa ku Joni:
Foil yokulunga mothina pa labala imathandiza pang'ono chabe, ndipo imang'ambika msanga. Chimene chimagwira ntchito ndi mpweya pakati. Kutentha kwa manifold kumafika pa paipi ngati mmene moto wa mbaula umakuwotchera miyendo usanaukhudze. Ukaimika lata pakati, miyendo imazizira nthawi yomweyo. Ndiye kachidutswa ka aluminiyamu kapena lata, komangidwa pa bawuti, kosakhudza manifold komanso kosakhudza paipi, kamaposa paipi yodula iliyonse. Mbali yowala iyang'ane ku moto.

Kuno timagulitsanso fire sleeve, ndi nsalu ya fibreglass yokutidwa silicone wofiirira, imavekedwa kunja kwa paipi ngati sokosi. Imapirira madigiri 260 nthawi zonse. Ilinso ina yonyezimira ngati siliva, imeneyo ndi yabwino pobweza kutentha kochokera patali. Apa ndiye pamene silicone wa Mjomba akuyenera, kunja, kumene kulibe oyilo. Kumudziko mungaifunse kwa amene amakonza mapaipi a mathirakitala ndi ma excavator. Ku Nchalo ndi minda ya nzimbe ija sangasowe.

Madala Gama, Ndirande:
Ife a m'ma 80 tinalibe masokosi amenewo. Njira yanga mpaka lero ndi iyi. Pamene paipi ikudutsa pafupi ndi moto ndimaikapo paipi yachitsulo, labala amangokhala tizidutswa tiwiri kumapeto, kutali ndi manifold. Chitsulocho ndimachipinda nditathiramo mchenga wouma kuti chisaphwanyike pokhota, kenaka ndimatsuka bwinobwino, chifukwa kamchenga kamodzi kotsalira kakupita mu injini. Kumapeto ndimatukula kamlomo pang'ono kuti labala asavuke. Ndipo chitsulocho chimangidwe pa injini ndi bracket, chisamalendewere pa labala. Lamulo langa ndi zala zitatu kuchoka pa manifold, zikakanika zitatu ndiye pakhale lata pakati.

Chinanso ana inu mumaiwala, paipi isakhale ndi chigwa. Izikwera kuchoka pa block mpaka pa valve, kuti oyilo amene wasanduka madzi m'njira azibwerera yekha. Mukaizungulitsa pothawa moto n'kusiya pamene yagwa pansi, pamenepo pamadzadza oyilo ndi madzi mpaka kutseka.

Kale tinkakulunga chingwe cha asbestos, koma imeneyo musatengere.

Nachisale, Zomba:
Musatengeredi. Fumbi lake limawononga mapapo, matenda ake amadzaoneka patapita zaka zambiri. Mukachipeza pa galimoto yakale muchinyowetse kaye musanachichotse.

Dalaivala wa Hiace:
Funso langa ndi la kushopu. Ukanena kuti J30 chakuti chakuti, mnyamata wa pa kauntala amangokuyang'ana, n'kukudulira iliyonse yakuda. Ine anandigulitsapo ya madzi akulumbira kuti ndi ya mafuta. Tiidziwa bwanji?

Phiri wa ku Joni:
Werengani m'mbali mwake, musamvere pakamwa. Ikalembedwa heater kapena J20, ndi ya madzi. Ikalembedwa fuel, PCV kapena J30, ndi imeneyo. Yopanda chilembo chilichonse isiyeni. Mukakayikabe, dulani kamphete kakang'ono, mukaponye m'kabotolo ka petulo, mutseke, kagone usiku umodzi. Dulaninso kena musunge pouma kuti mufanizire. Mammawa ya EPDM mudzaipeza yafufuma moonekeratu, yofewa. Ya nitrile imasintha pang'ono chabe. Za kukula, musayerekeze ndi maso. Zambiri zimalembedwa mu mainchesi: 3/8 ndi pafupifupi mamilimita 10, 1/2 ndi 13, 5/8 ndi 16, 3/4 ndi 19. Kwabwino ndi kunyamula valve yomweyo m'thumba mukayese konko. Ilowe mothina musanamange kilampu. Ndipo cable tie ya pulasitiki pafupi ndi ekizozi ayi, imauma n'kuduka, paipi n'kukagona pa manifold pomwe mumaithawitsa.

Mjomba wa ku Biwi:
Kilampu yabwino pamenepo ndi ya spring ija yotsina ndi pulayala. Labala akamafwapa ndi kutentha iyo imamutsatira. Ya sikuluu imafuna kubwerezanso kumanga pakapita masabata.

Nachisale, Zomba:
Apo ndiye mwalasa achimwene, ndilibe chowonjezera.

Bambo a Tadala, Nchalo:
Akuluakulu ndabweranso patatha masabata awiri. Stud inativuta tsiku lonse, inadukira mkati, mpaka tinachita kuwotcherera nati pamwamba pake ndiye inatuluka. Manifold inali yokhota pang'ono, anakaisalaza ku Blantyre. Valve ija, mayi Nachisale munalosera, mkati munali chibulumwa cha pulasitiki ngati njere ya chimanga, ndinangogula ina. Paipi ndinaipeza ku Limbe shopu yachitatu, yolembedwa J30 R7. Shopu yoyamba anafuna kundipatsa ya heater yomwe ija, nditawaonetsa chilembo anati zonse n'chimodzimodzi, ndinangotuluka. Fire sleeve sindinaipeze. Tinapinda kapaipi kachitsulo monga ananenera madala, ndipo lata tinadula pa chivundikiro cha poto wakale wa aluminiyamu wa mayi a Tadala, nkhani yake sinathebe kunyumba. Dzulo ndakwera Thabwa ndi matumba 8 a mpunga, nditafika pamwamba ndinaima n'kugwira labala ndi dzanja. Ndi wofunda ndithu koma dzanja limakhalapo. Idling yabwerera, tchi tchi watha.

Madala Gama, Ndirande:
Mwagwira ntchito. Mukayenda maulendo awiri atatu mubwerezenso kumanga manati a manifold injini itazizira, gasiketi yatsopano imakhala pansi. Muyambire apakati kupita kunja.

Dalaivala wa Hiace:
Nanga paipi ya levulo yotsala ija muli nayobe? Ndikuyamba maziko mwezi wamawa.

Bambo a Tadala, Nchalo:
Yatsala mamita anayi achimwene, mudzaitenge pa depoti ya Nchalo. Mubwere ndi chivundikiro cha poto, cha saizi yapakati.